Dzanja Lotsimphina la Zahari

Madzulo amenewo amayi ankawiritsa tirigu wa chikumbutso cha bambo. Chaka chinali chitakwana chimwalirireni. M'khitchini munkanunkhira mtedza wokazinga, mawindo atachita nthunzi. Ine ndinali pansi, ndikulongedza m'chikwama wailesi ya bambo: kabokosi kosaposa buledi, batire, waya wokulunga pa thabwa, ndi kachitsulo kogogodera. Pomaliza ndinalowetsa nkhwangwa.

"Nkhwangwayo ndi ya chiyani, Stoil?" anafunsa amayi osatembenuka.

"Nkhuni."

"Nkhuni zake zili ndi dzina?"

Ndinamanga chikwama.

"Wansembe afika kumanda m'mawa," anatero. "Ndikufuna mwana woima pambali panga. Ogona pansi andikwanira."

Bambo anga, a Zahari, anali munthu wa wailesi kuyambira ali mnyamata. Sankalankhula pakamwa. Ankagogoda mawu pa kachitsulo, timadontho ndi timizere. Ine sukulu ndinailekera panjira n'kukacheka matabwa, koma kugogoda ndinakudziwa ndisanadziwe kulemba, chifukwa bambo ankandiitanira kudya pogogoda patebulo ndi supuni. Makina ochekera anawadya chala chapakati, ndiye dzanja lawo linkatsimphina. Mawu aatali ankawakoka ngati mwendo wodwala. Aliyense m'mapiri muno ankawazindikira asanatchule n'komwe zilembo zawo, zimene ndi dzina la munthu pa wailesi.

Mu Januwale mumakhala mpikisano. Anthu amakwera mapiri ndi tiwailesi ta batire, usiku wonse. Lamulo ndi lakuti mphamvu isapitirire mawati asanu. Ukamvana ndi mnzako mumapatsana zilembo ndi nambala, basi wapeza pointi, uthamangire wina. Nambala yake ndi 599, kutanthauza kuti ndakumva bwino lomwe. Aliyense amatumiza 599, kaya wamva kaya sanamve, chifukwa imafulumira. Bambo okha ankakana. "Ukati wamva, ndiye kuti wasenza," ankatero. "Osayankha munthu asanamalize."

Chaka chathacho bambo anakwera okha ku khumbi la abusa, pamwamba penipeni. Anzawo a kalabu ya wailesi anatsala m'nyumba ya okwera mapiri, pakati pa njira, chifukwa iwo ali ndi jenereta ndi chibokosi chokuzira mphamvu chimene amabisa pansi pa tebulo. Bambo anati zakubazo iwo ayi. Usiku mphepo inagwetsa waya. Anakwera mtengo wa paini kuti akonze, nthambi inathyoka, mwendo nawo unathyoka. Anakwawa mpaka m'khumbi n'kuyamba kuitana thandizo.

Amene anawamva ndi mayi wina wa ku Romania, Otilia, kutsidya kwa mtsinje waukulu. Ndiye anaimbira opulumutsa anthu, koma pofika kumvana kuti ndi phiri liti kunali kutacha. Pambuyo pake anandiimbira ine. Anati anamva SOS, anamva dzina la Parvan, mnzawo wa bambo, kenako wailesi ya kalabu inayankha mwaphokoso: 599. Itatero inapitiriza kuitana ena pamalo omwewo, pamwamba pa bambo, mpaka mbandakucha. Anati pakati pa phokosolo anamva dzina langa. Bambo anagogoda "Stoil", kenako anagogoda nthawi yaitali. Zimene ananena palibe anamva.

Bambo tinawapeza atafa, dzanja lili pa kachitsulo, louma ngati nkhuni.

Parvan ndiye anali pa wailesi ya kalabu usiku umenewo. Parvan amene anandinyamula pa ubatizo wanga. Kale ndinkati bai Parvan, monga timatchulira akulu. Tsopano ndi Parvan basi.

Pali mwambo. Munthu wa wailesi akamwalira, anzake amaitana zilembo zake katatu, dziko lonse likumvera, ndipo pakakhala zii amalengeza kuti chitsulo cha uje chatonthola. Akatero munthu wapuma. Kumaliro a bambo, a kalabu anati achita sabata yamawa. Pa Pasaka anati m'chilimwe. Ankaopa kuti akaitana, wina afunsa kuti kodi Zahari anafa bwanji.

Ndinafika ku nyumba ya okwera mapiri mdima utagwa. Jenereta inkalira kuseri. M'kati munali kutentha, masoseji pa mbaula, botolo la rakiya, kachasu wathu, patebulo. Parvan anali pa wailesi, mahedifoni m'makutu. Ognyan, wozula mano wa m'tauni, ankadya. Panalinso awiri ena amene maina awo sindifuna kuwadetsa nawo pakamwa.

"Taonani, matabwa abwera okha," anatero Ognyan. "Tseka chitseko, iwe, kutentha sikwaulere."

Parvan anavula hedifoni imodzi.

"Stoilcho, mwana wanga. Khala pansi. Mupatseni kapu."

"Itana bambo. Katatu. Pano."

"Mpikisano wayamba kale, mwana wanga. Ukatha, mawa, ndikulonjeza."

"Anatinji bambo atatchula dzina langa?"

"Ndinakuuza kale. Sindinamve. Ndinamva dzanja lawo, ndinawapatsa nambala, ndinapitirira. Ndi mmene timachitira tonse. Dzanja limayankha lokha, mutu uli kwina."

"Unati wamva bwino lomwe."

"Iwe, ndi nambala chabe," anatero Ognyan, soseji ili m'kamwa. "Ngakhale agogo anga amadziwa. Bambo ako akanakhala nafe pano ngati munthu wanzeru, bwenzi ali moyo. Koma oyera mtima aja..."

Sindinayambe ndi Ognyan. Ndinagwira Parvan kumbuyo kwa mutu n'kumumenyetsa nkhope patebulo. Mphuno inalira ngati nthambi youma. Ndinabwerezanso. Magazi anathira kachitsulo kake, mapepala, chilichonse. Ognyan anandimenya ndi botolo kukhutu. Awiri aja anandigwetsa n'kuyamba kundiponda nthiti, mmodzi akutukwana amayi anga. Ndinaluma mwendo wa wina mpaka ndinamva nyama. Anandikokera panja, anandiponya m'chipale, chikwama anandiponyera pamsana.

"Kwera ukafe ngati bambo ako," anatero Ognyan, n'kutseka chitseko.

Ndisanadzuke n'komwe, ndinamva wailesi yawo itayambanso. Parvan, magazi akuchucha, anali atabwerera kukasaka mapointi.

Nkhwangwa sindinaitulutse. Ndinati iyi ndi ya pobwerera, akagona.

Ndinakwera. Chipale chinali chofika m'mawondo. Khutu linkawotcha, nthiti zinkabaya ndikamapuma. Kunalibe mphepo, kunalibe mwezi, kunalibe ngakhale galu wouwa kumudzi kumusi. Tochi yanga inkangoonetsa mitengo ndi nthunzi ya pakamwa panga.

Khumbi linali mmene tinalisiyira. Makoma a miyala, benchi, chitseko chokhoma ndi mpiringidzo wa thabwa. Kutsogolo kwake mtengo wa paini uja, nthambi yothyoka ikulendewerabe. Sindinakwere. Ndinamanga mwala ku chingwe n'kuponya pamwamba pa nthambi ina, n'kukoka waya. Batire ndinaliika m'kati mwa malaya, pamimba, monga ankachitira bambo, chifukwa kuzizira kumapha batire msanga kuposa munthu. Ndinapiringidza chitseko. Ndinayatsa wailesi.

Dziko lonse linali mmenemo. Timawu tating'ono mazanamazana, ngati anapiye m'dengu. Ena ku Greece, ena ku Serbia, aliyense paphiri pake ndi zala zozizira. Ndinapotokola kabatani mpaka pamalo pamene bambo ankakonda. Panali phee.

Chilolezo cha wailesi ndilibe. Sindinasamale.

Ndinavula golovesi. Ndinaitana zilembo za bambo kamodzi. Ndinadikira.

Zii.

Ndinaitana kachiwiri. Dontho la magazi lochokera kukhutu linagwera pa benchi n'kuuma pomwepo.

Zii.

Ndinaitana kachitatu. Ndinali nditaika kale chala kuti ndilengeze kuti chitsulo cha Zahari chatonthola.

Panayankha munthu.

Kamawu kake kanali kochepa ngati udzudzu. Koma kankatsimphina. Mawu aatali kankawakoka.

SOS. Mwendo wathyoka. Ndili m'khumbi. Parvan. Parvan.

Ndinachotsa dzanja pa kachitsulo. Ndinaganiza kuti mwina ndi Ognyan akundiseweretsa. Koma dzanja la munthu silibedwa. Ungabe zilembo zake, ungabe mawu ake, koma osati chala chimene palibe.

Parvan, ndikumva dzanja lako. Ima pang'ono. Stoil

Pomwepo wailesi ya kalabu inagwa pamwamba pake ngati thanthwe. Inandigonthetsa khutu lotsala. Zilembo za bambo, mwachangu, ndi nambala. 599. Kenako inayamba kuitana ena.

Parvan anachitanso. Mphuno yothyoka, chaka chathunthu cha manyazi, ndipo dzanja lake linayankhanso lokha.

Ndinakuwa m'khumbimo. Ndinagogoda kuti tonthola, tonthola, galu iwe, koma mawati asanu pamaso pa chibokosi chija ndi kulavulira moto. Pansi pa phokosolo ndinkamvabe bambo, apa kadontho, apo kamzere, akundiuza chinachake. Ndinakanikiza mahedifoni mpaka khutu lovulala linaphulikanso. Sindinatolepo liwu.

Kenaka bambo anasiya.

Nyali ya wailesi inazima. Batire linali pamimba panga, lofunda, koma linafa ngati lagona panja sabata.

M'khumbi munazizira kuzizira kwina. Tochi ndinali nditaizimitsa posunga mabatire, ndipo zala zinakana kuipeza. Pambali panga, pa benchi pomwepo, thabwa linalira monga limachitira munthu akamadzuka. Ndinamva fungo la fodya wa bambo ndi ubweya wonyowa. China chake chinagwa pansi molemera. Chinayamba kukwawa. Chigongono, chigongono, kenako chinthu chokokedwa pambuyo.

Mpiringidzo unanyamuka. Chitseko chinatseguka.

Ndinati, "Bambo?"

Sichinaime. Ndinachimva m'chipale, chikutsika njira imene ndinadzera. Chigongono, chigongono, khwee. Mpaka chinazilala.

Ndinapeza tochi. Pakhomo panali ngalande m'chipale, yotakata ngati thupi la munthu, yoyambira pa phazi langa penipeni.

Sindinaitsatire. Ndinatseka chitseko, ndinatulutsa nkhwangwa, ndinakhala pansi nsana kukhoma. Mundiseke ngati mukufuna.

Kumusi jenereta inkamveka pang'onopang'ono, ngati ntchentche m'botolo. Ndinaimvera nthawi yaitali. Kenako inazima. Galasi linasweka. Amuna anakuwa, ambiri, kenako kunatsala mmodzi.

Mmodziyo ankayandikira.

Ankabwera mofulumira kuposa mmene munthu angakwerere phiri limenelo. Ankalira, akupempha Mulungu, akupempha amayi ake amene anafa kalekale. Nthambi zinkathyoka. Ndinamva thupi likugunda miyala, likukokedwanso. Zinafika pa mtengo wa paini, mapazi ochepa kuchokera pa chitseko changa.

"Zahari, m'bale wanga, sindinadziwe," ankatero. "Ndi dzanja, ndi dzanja lokha."

Panamveka kuti thyoo. Ndacheka matabwa moyo wanga wonse, ndimadziwa kulira kwa thabwa. Limenelo silinali thabwa.

Parvan anakuwa kamodzi, kotalika. Kenaka anatonthola. Ndipo m'kutontholamo ndinamva kugogoda. Osati m'wailesi. Panja. Chala pa chinthu cholimba, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, ngati mphunzitsi wa mwana wosamva. Ndinakanikiza khutu pachitseko. Kunali kutali pang'ono, sindinatolepo kanthu.

Kunja kutayamba kutuwa, ndinatuluka ndi nkhwangwa.

Parvan anali tsonga pansi pa mtengo, atavala masokosi okha kumapazi. Mahedifoni anali akadali kumutu, waya wake wothothoka. Mwendo wakumanzere unapindikira kumene mwendo supita. Ndevu zinali zoyera ndi chisanu, nkhope yakuda ndi magazi a dzulo. Pamphumi pake panali timabala tofiira tambirimbiri pamalo amodzi, ngati pamene mbalame yajompha mtengo.

Kuzungulira iye kunalibe mapazi. Ngalande yokha.

Anatsegula diso limodzi. Anaona nkhwangwa.

"Tema," anatero. "Koma ndamva, Stoilcho. Anandigwira mutu. Ndamva zonse mpaka kumapeto."

"Anatinji?"

"Ndi zako. Anati..."

Mutu unagwera pachifuwa.

Ndinamuwomba mbama. Ndinamupaka chipale kumaso. Ndinamuponda mwendo wothyokawo, ndipo sanalire n'komwe. Ankapuma pang'ono, ngati mwana wa mphaka. Ndinakweza nkhwangwa ndi manja onse. Ndinaima choncho. Mawu a bambo anga anali m'mutu umenewo, ndipo ndikanautsegula ndi nkhwangwa sindikanawapezamo.

Ndinaimenyetsa pa mtengo. Ili pomwepo mpaka lero.

Ndinamumanga mwendo ku nthambi yothyoka ija ndi waya wa bambo. Ndinamubereka. Chikwama ndi wailesi ndinazisiya. Munthuyo ndi wolemera, wokhuta masoseji, ndipo nthiti zanga zinkakhulana ngati mbale zosweka. Manja ake ankalendewera pachifuwa panga, oyera ngati kandulo. Ndinkamutukwana sitepe iliyonse. Ndinkati usafe, nkhumba iwe, ukafa ndikupha.

Pali malo pamene njira imadutsa m'mphepete mwa phompho. Ndili pamenepo, ndinamva kanthu pa fupa la pakhosi panga.

Chala.

Mutu wa Parvan unali utagwera paphewa langa, kukamwa yasa, maso otseka. Koma chala chake chinkagogoda. Parvan amagogoda mothamanga ngati makina osokera. Ichi sichinkathamanga. Chinkakoka mawu aatali.

Ndinaima.

Stoil. Usakwere kuno usiku. Dikira kuche. Vala magolovesi anga achikopa, ako ndi obooka. Paipi ya mbaula ya amayi ako ikutulutsa utsi, ukonze chisanu chisanathe. Sindikumva kuwawa tsopano. Usapse mtima, umafanana ndi agogo ako ukapsa mtima. Usakwere usiku.

Kenako chizindikiro chimene timamalizira nacho, chouza mnzako kuti ndatha, yankha.

Basi. Ndi zimenezo. Chaka chonse ndinkaganiza kuti ananena dzina la wowapha, kuti anandituma. Iwo ankanena za magolovesi.

Ndinayang'ana phompho. Chimene ndinkafuna ndinali nditachipeza. Munthu wa kumsanayu analibenso ntchito. Kungomasula manja, kupendekeka pang'ono, ndipo aliyense akanati anagwa yekha ndi kuledzera.

Chala chinali chikadali pa fupa langa. Sichinkagogoda. Chinkadikira.

Ndinagwira dzanja limenelo. Linali lozizira kuposa chipale. Ndinagogoda pamwamba pake, pang'onopang'ono, kuti ndamva. Osati nambala ija. Mawu enieni. Ndamva zonse, bambo.

Chala chinafooka n'kulendewera ngati zinzake.

Ukati wamva ndiye kuti wasenza. Ndinamusenza.

Ku nyumba ya okwera mapiri zenera linali losweka, magalasi atagwera m'kati. Ognyan ndi anzake anali atadzitsekera m'chimbudzi, atatu onse, mpeni wa buledi m'manja. Ndinawaponyera Parvan pakhomo ngati thumba la utuchi.

"Imbani foni," ndinatero. "Ndipo akamayankha, mumvere mpaka amalize."

Kumanda ndinafika wansembe atayamba kale. Ndinaima pambali pa amayi, magazi ouma m'khosi. Anandiyang'ana manja, anayang'ana pamene panayenera kukhala nkhwangwa. Anandipatsa supuni ya tirigu osafunsa kanthu.

Apolisi anandisunga masiku angapo. Za mphuno ndinavomera. Za mwendo anafunsa Ognyan, ndipo Ognyan, amene amandida kuposa matenda, anati si ine. Atamufunsa kuti nanga ndani, anapempha madzi.

Parvan anamudula zala zitatu ndi phazi kuchipatala. Salankhula za usiku umenewo. Mkazi wake amati amakhala pa wailesi mpaka kucha, akusakasaka timawu tofooka kwambiri, tomwe wina aliyense angatidumphe, ndipo amatimvera mpaka kumapeto. Kachitsulo kake anakataya m'chitsime.

Kumudzi kuno amanong'ona zambiri. Ku sitolo amati ndine, kuti ndinamukoka ndekha usiku, ndipo anzake akundiopa. Azimayi a kutchalitchi amati ndi Zahari, chifukwa munthu amene sanamutsekere mwambo wake amayendabe. Amayi amakana zonse ziwiri. Amati bambo ako sanamenyepo ngakhale galu, amene anakuuza za magolovesi ndi iwowo, koma chimene chinatuluka m'khumbi muja sindikuchidziwa, ndipo iwe unakhala nacho pa benchi imodzi. Akatero amandiyang'ana nthawi yaitali.

Paipi ya mbaula ndinakonza. Magolovesi ndimavala.

A kalabu anabwera m'chilimwe, zipewa m'manja, kudzanena kuti tsopano ali okonzeka kuitana bambo katatu, mwaulemu wonse, dziko lonse likumvera. Ndinawauza kuti ndinaitana kale. Ndinawauzanso kuti wailesi ya bambo ili m'khumbi muja, aliyense wofuna akhoza kukwera kukayesa.

Palibe anakwera. Mwambo umati uitane katatu, pakhale zii, ndiye ulengeze. Sunena chochita munthuyo akayankha.